Kachilombo n'kena, nthenda ndi ina

Abale anga, eni chinenero chino, pali dzina limodzi limene talisenzetsa katundu woposa msinkhu wake mpaka lapindika msana, ndilo lakuti kachilombo. Makolo athu ankati chilombo ponena chamoyo choluma, cholusa kapena choononga, kuyambira kambuku wa kudondo mpaka nankafumbwe wa m'nkhokwe, ndipo chikakhala chaching'ono ankangochiveka ka- kumayambiriro. Achipatala atafika ndi nkhani ya tinthu todwalitsa tosaoneka ndi maso, dzinali lidawalandira ndi manja awiri, pakuti malo adalipo kale. Koma chiyambire 1985, chaka chimene munthu woyamba adapezeka ndi Edzi m'Malawi muno, dzinali lakhala likufota. Manyazi ndi mantha zidatiphunzitsa kulankhula mozungulira. Tidayamba ndi kuti "uje ali ndi kachilombo", kenaka tidafika pa "adamupeza nako", ndipo lero palibenso wofunsa kuti kachilombo kake kati. Dzina limene linkakwanira mtundu wonse wa tizilombo talipatsa mwini mmodzi.

Wina angati izi ndi zokangana za aphunzitsi a Chichewa, zopanda pogwira. Tiyeni tsono tikhale kaye pabenchi ya chipatala. Mayi abwera ndi mwana wamwamuna wazaka zisanu ndi chimodzi. Tsaya lamanzere latupa m'masabata atatu okha, diso layamba kutong'oka, mano akumbuyo akugwedera. Mwanayo sakulira, poti chotupacho sichikupweteka kwenikweni. Akungovutika kutseka pakamwa. Dokotala wachinyamata, wodziwa ntchito yake ndiponso wamtima wabwino, akuti: "Mayi, mwanayu ali ndi khansa, ndipo khansa imeneyi imayamba chifukwa cha kachilombo." Mayi aja akungoti, "Chabwino adokotala," maso ali pansi, zala zikupotokola nsonga ya chitenje. Zimene amva ndi zina. Amva kuti mwana ali ndi HIV, kuti adayamwa kwa iwo, kuti bambo a kunyumba adayenda njira zokhota. Kumudzi kukabuka mlandu, ndipo abale ake a mwanayo akawaletsa kudya naye mbale imodzi. Dokotala sadaname. Koma kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo pano kandimverereyo ndi mawu athu omwe.

Za kalembedwe sindichedwapo. Ena amalemba kachirombo, ena kachilombo. Ine ndimatsata l monga timachitira polemba chilonda, chilango ndi chilimwe, koma sindingapitikitse mbale wanga pakhomo chifukwa cha r. Chimene sindingachilekerere ndi kusokoneza mgwirizano wa mawu. Makutu anga amalira ndikamva "kachilombo yomwe ikufala" kapena "tizilombo zimene zimabweretsa matenda". Ayi, abale. Kachilombo kamene kakufala. Tizilombo timene timabweretsa matenda. Ndipo popeza tizilombo ndi mtundu waukulu, tizitchulanso mfunda wake. Pali mavairasi, pali mabakiteriya, palinso kachilombo ka malungo kamene si vairasi kapena bakiteriya. Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito, chifukwa makapisozi amene timathamangira kukagula pagolosale amapha mabakiteriya, koma kwa vairasi sachita kanthu.

Kachilombo kamene dokotala uja amanena dzina lake ndi Epstein-Barr, mwachidule EBV, ndipo mbiri yake idatidutsa pakhomo. Mu 1957 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala m'dziko la Uganda, adaitanidwa kuti akaone kamnyamata kotupa nsagwada, yam'mwamba ndi yam'munsi, mbali zonse ziwiri. Pasanapite nthawi adaonanso mwana wina wotero ku Jinja. Adafukula m'makaundula a odwala napeza kuti ana otere adalipo ambiri, ndipo mu 1958 adalemba za nthendayi, imene lero imadziwika ndi dzina lake. Mu 1961, iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adakwera galimoto yakale ya Ford nayenda makilomita pafupifupi 16,000 m'masabata khumi, chipatala ndi chipatala, funso lili limodzi: kodi ana otupa chonchi mumawaona kuno? Ulendowo udadzera m'dziko lino, masiku amenewo likutchedwa Nyasaland. Mayankho atawaika pamapu, adaona kuti nthendayi ndi yofala kumalo otsika, otentha ndi a mvula yambiri, monga m'mbali mwa nyanja yathuyi, koma kumapiri kozizira ndi yosowa. Komwe kudali udzudzu wambiri n'komwenso idali. Burkitt adaganiza kuti mwina pali vairasi imene tizilombo touluka timafalitsa. Pa vairasi adalasa, pa woinyamula adaphonya.

Chaka chomwecho mu March, ulendowo usanayambe, Burkitt adakamba za ana ake otupa nsagwada pachipatala cha Middlesex ku London. Mwa omvera mudali Anthony Epstein, amene ankafufuza mavairasi otulutsa zotupa mwa nkhuku. Iyeyu adapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pandege kuchokera ku Kampala. Zidatha zaka ziwiri ndi miyezi osapeza kanthu. Mu December 1963 ndege ina idalephera kutera ku London chifukwa cha nkhungu nikatera ku Manchester, ndipo phukusi lidafika mochedwa, madzi a m'botolo atachita mbuu. Wina akadangoti zawola, n'kutaya. Epstein adadontheza kadontho pagalasi nayang'ana pa maikulosikopu. Mbuu uja sadali mabakiteriya. Adali maselo amoyo a chotupa, atathothoka ndi kugwedezeka kwa ulendo, akuyandama paokhapaokha. Maselo amenewo adawalera m'mabotolo pamodzi ndi Yvonne Barr, ndipo mothandizana ndi Bert Achong adaona m'kati mwake vairasi yosadziwika. Adalengeza mu 1964 m'magazini ya madokotala ya The Lancet, ndipo iyi idakhala vairasi yoyamba kupezeka kuti ili ndi dzanja pa khansa ya munthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chondiwawa pang'ono n'chakuti potchula dzina adangoti Epstein ndi Barr. Achong, mwana wa ku Trinidad, adamusiya panja.

Mfunda wa EBV ndi herpes. Achinyamata athu akamva dzinali amangoganiza za nthenda yopatsirana pogonana, kumene kuli kufotetsanso dzina lina. M'banja limeneli muli mavairasi asanu ndi atatu odwalitsa anthu, ndipo ena timawadziwa ndi maso. Kamene kamatulutsa timatuza pamilomo munthu akangodwala malungo ndi ka m'banjamo. Ka katsabola, kamene kamadzabweranso munthu atakula n'kumutentha ndi mashingozi, ndi ka m'banjamo. Kamene kamabweretsa khansa ya Kaposi, ija ya mawanga akuda m'miyendo ndi m'kamwa, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore adakapeza mu 1994, nakonso ndi ka m'banjamo, ndipotu ndiye mbale wake weniweni wa EBV. Khalidwe la banja lonseli ndi limodzi: kakalowa m'thupi sikatulukanso.

Apa ndiye pofunika misintho ya aneni, chuma chimene tili nacho chodzaza nkhokwe koma tikuchisiyira chiswe. Kupatsa ndi kupereka chinthu mwadala, ndi manja. Kupatsira ndi kusiyira mnzako chimene uli nacho, ngakhale usakufuna kapena usakudziwa n'komwe. Kupatsirana ndiko kuyenda kwa chinthucho pakati pa anthu, uku ndi uku. Tsono "adamupatsa kachilombo" ndi mlandu wofuna bwalo, pamene "adamupatsira kachilombo" ndi nkhani chabe ya mmene zidayendera. Kachidutswa kakang'ono ka -ir- kamachotsa munthu pampando wa woimbidwa mlandu. Ndipo tigwiritse ichi: EBV timapatsirana, khansa sitipatsirana. Wonena kuti "khansa ya Burkitt ndi yopatsirana" waphatikiza zinthu ziwiri zimene chinenero chimatha kuzilekanitsa ndi mpweya umodzi.

Njira yake ndi malovu. Agogo akamatafunira mdzukulu mtedza, mayi akamalawa phala pasupuni kuti aone ngati lazirala, ana akamalumirana nzimbe imodzi pobwera kusukulu, kachilomboka kamasamuka. Palibe cholakwa pa zonsezi. Ndiko kulera, ndiko kukhala pamodzi. Mwa anthu akuluakulu 100 alionse padziko lapansi, oposa 90 ali nako. Onani kuti sindidati "90 peresenti ya anthu", mawu amene agogo a kumudzi amangowagwedezera mutu mwaulemu osatolapo kanthu. Kuno kwathu ana ambiri amakatenga asanakwanitse zaka zitatu, ndipo kamalowa mwakachetechete, popanda nthenda yooneka. Ku Ulaya ndi ku America ambiri amakatenga atasinkhuka, nthawi yoyamba zibwenzi, ndipo ena amadwala nthenda yotchedwa mononucleosis: thupi kutentha, zilonda kukhosi, anabere m'khosi ndi kufooka kwa masabata angapo. Amene adalumikiza nthendayi ndi EBV ndi Werner Henle ndi mkazi wake Gertrude ku Philadelphia mu 1968, wantchito wa m'labotale yawo atadwala, magazi ake n'kuonetsa chizindikiro cha kachilomboka chimene kale adalibe.

Mawu akuti asilikali a m'thupi ndimawakonda. Adabadwira m'zipatala zathu momwemu ndipo aliyense amawamva. Koma nawonso tawazolowetsa kuyenda ndi CD4 yekha, ngati kuti msilikali alipo wa mtundu umodzi. Pankhani yathuyi pali magulu awiri. Maselo a B ndiwo amasula zida, mapuloteni amene amayenda m'magazi n'kumamata tizilombo kuti tiphedwe. Maselo a T ena amalamula, ena amayendera maselo anzawo n'kupha lililonse limene lalowedwa. EBV imafuna maselo a B, ndipo imawapeza kukhosi, m'tinyama tija timatupa munthu akadwala zilonda zakukhosi. Kachilomboka n'kakang'ono zedi, moti tikadandandalika 5,000 pamzere sitikadakwanitsa milimita imodzi. Kali ndi chikuto chamafuta chokhala ndi timinga ta mapuloteni. Olemba ena amati "kamaukira maselo" kapena "kamadya maselo", koma zimenezo ndi zongokokomeza. Poyamba kamamatirira: kaminga kotchedwa gp350 kamagwira puloteni ya CD21 imene ili pakhungu la selo la B. Kenaka kamakakamira: kaminga kena, gp42, kamagwira puloteni ina yotchedwa HLA. Selo lenilenilo limakameza, ndipo timinga tina titatu, gH, gL ndi gB, timasungunulira chikuto cha kachilombo m'khungu la selo mpaka ziwirizo zitakhala chimodzi. Za m'kati zimakhuthukira m'selomo. Kumatirira, kukakamira, kumezedwa, kusungunukira, kukhuthukira: aneni asanu, aliyense ndi ntchito yake, ndipo palibe amene tam'bwereka kwa anansi.

DNA ya kachilombo ikafika pa phata la selo imalumikiza nsonga zake ziwiri n'kukhala mkombero. Ili ndi malangizo oposa 80, koma panthawiyi imangotsegula owerengeka. Puloteni yake ya EBNA1 imamangirira mkombero uja ku DNA ya selo, kuti selo likagawikana pawiri, ana onse awiri atengeko. Ya LMP1 imanamizira chilolezo chimene selo la B limayenera kulandira kwa selo la T lisanayambe kuchulukana. Ya LMP2A imanamizira uthenga wakuti mdani wapezeka, usafe, ntchito ilipo. Ndi mabodza awiriwa selo limachulukana, mpaka maselo a T atazindikira n'kuyamba kupha onse oonetsa mapuloteni achilendo. Pamenepo kachilombo kamatseka pakamwa. Kamakhala zii m'maselo a B okhalitsa, aja amasunga chikumbutso cha matenda akale, ndipo mwa munthu wathanzi maselo otere amangokhala pakati pa limodzi ndi 50 pa miliyoni iliyonse ya maselo a B. Apa wolankhula mosasamala amati kachilombo kafa, kapena katha m'thupi. Sikadafe. Wina amati kagona, ndipo ameneyo wayandikira, chifukwa nthawi ndi nthawi kamadzuka, n'kuswana, n'kutsikira m'malovu. Koma mneni woyenera ndi kubisala. Ndipo tisawonjezere -ir- pamene sakufunika: kubisala ndi kudziteteza, kubisalira ndi chiwembu. Mwa anthu pafupifupi onse EBV imangobisala moyo wonse, munthu n'kufa ndi ukalamba osadziwa kuti adali ndi mlendo.

Tisanafike pa chotupa, pali dzenje limene ophunzira athu ambiri agweramo. Ponena malangizo olembedwa mu DNA atola mawu akuti majini. Abale, majini tili nawo kale m'chinenero chino, ndipo ndi mizimu yogwira munthu n'kumugwetsa pansi. Dokotala akauza agogo kuti "vuto lili m'majini a mwanayu", asadabwe akamva kuti m'mawa mwake adalawirira kwa sing'anga. Enanso pothawa dzenjeli amagwera m'lina, namati "ndi za chibadwa", ndipo banja limamva kuti ndi nthenda ya kumtundu, akuchimuna n'kuyamba kuloza chala akuchikazi. Chimene chimalakwika pa khansa imeneyi mwana sabadwa nacho. Chimachitika m'selo limodzi, mwana ali kale pamsana kapena akuthamanga pabwalo. Tingoti malangizo a m'selo, basi. Palibe mzimu, palibe mtundu wa munthu umene watukwanidwa.

Malangizowo adamangidwa m'mitolo 46 yotchedwa ma chromosome, iwiriiwiri, ndipo akatswiri adaipatsa manambala. Maselo a B ali ndi khalidwe loika moyo pachiswe: pofuna kunola zida zawo kuti zigwire bwino mdani, amadula ndi kusintha DNA yawo mwadala, pogwiritsa ntchito puloteni yotchedwa AID. Ntchitoyi imachitikira mwa anabere ndi m'kapamba. Kawirikawiri imayenda bwino. Koma mwana wa kunyanja kapena wa kuchigwa cha Shire, amene malungo amamugwira kangapo chaka chilichonse, maselo ake a B sapuma. Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kamawachulukitsa mopitirira, kamakweza AID, kamafooketsanso maselo a T amene amayang'anira EBV, kotero kuti maselo okhala ndi vairasiyi amachuluka. Podula kambirimbiri chonchi, tsiku lina mpeni umaterereka. Kachidutswa ka mtolo wa nambala 8 kamaduka n'kukalumikizika ku mtolo wa nambala 14, kapena mwa apo ndi apo ku wa nambala 2 kapena 22. Pakachidutswapo pali langizo lotchedwa MYC, limene limauza selo kuti gawikana. Kwawo ku nambala 8 limalankhula pakafunika pokha. Kumene lasamukirako ndi malo a malangizo osulira zida, amene m'selo la B satsekedwa usana ndi usiku, ndiye MYC naye amayamba kufuula osalekeza. Ngakhale zitafika apa, thupi limakhala lidakali ndi podzitchinjiriza, chifukwa selo lolamulidwa kugawikana mopenga chonchi limayenera kudziononga lokha. EBV ndiyo imatsekereza kudziononga kumeneko. Selo loyenera kufa limakhala moyo, n'kubala ena onga ilo.

Tsono weruzani nokha ngati mneni wakuti kuyambitsa akukwanira. Tikati "EBV imayambitsa khansa", tasenzetsa kachilombo mlandu wonse, ndipo taopseza anthu 90 mwa 100 alionse, pamene ngakhale kumadera kumene nthendayi ndi yofala imagwira ana owerengeka chabe mwa 100,000 alionse pachaka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chinenero chathu chili ndi aneni a pamoto amene akadatithandiza: kuyatsa ndi kwina, kusonkhezera ndi kwina, kuletsa wozimitsa ndi kwinanso. Woyatsa ndi kusinthana kwa mitolo kuja. Malungo obwerezabwereza ndiwo amaunjika udzu wouma n'kusonkhezera. EBV imagwira dzanja la amene akadazimitsa. Kuti dzanja lake lilipodi, umboni ulipo: m'zotupa za ana a kuno ku Africa vairasiyi imapezeka pafupifupi m'zonse, ndipo m'zaka za m'ma 1970, Guy de-Thé ndi anzake adatenga magazi a ana pafupifupi 42,000 kudera la West Nile ku Uganda n'kumawatsata, napeza kuti amene adadzatupa pambuyo pake adali kale ndi chizindikiro chokwera cha EBV m'magazi nthendayo isanaoneke. Dokotala wathu uja akadangoti: "Mayi, mwanayu ali ndi khansa ya maselo oteteza thupi. Pali kachilombo kena, osati ka Edzi, kamene pafupifupi tonse tili nako, ine ndi inu omwe. Iko pamodzi ndi malungo kamathandizira kuti nthendayi iyambe. Simudalakwe kanthu, sangapatsire abale ake, ndipo mankhwala alipo." Mawu ake ndi ochulukirapo, inde, koma sangathe ngakhale mphindi imodzi.

Ndisapotoze: HIV ili nayo mbali yake. Ikagwetsa maselo a T, EBV imapeza danga, ndipo khansa za maselo oteteza thupi, zotchedwa lymphoma, zimachuluka mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, monganso zimachitira mwa amene adawaika impso ya munthu wina n'kumamwa mankhwala ofooketsa chitetezo. Koma ana ambiri otupa nsagwada kuno alibe HIV. Kwina EBV imayenda ndi anzake ena: kummwera kwa China ili ndi dzanja pa khansa ya kuseri kwa mphuno, ndipo imapezekanso m'zotupa zambiri za lymphoma ya Hodgkin. Ku Papua New Guinea, kumene malungo ali ngati kwathu kuno, nthenda ya Burkitt ilikonso. Katemera wa EBV sadafike m'zipatala. Chimene chili m'manja mwathu ndi neti ndi kuchiza malungo msanga.

Mawu akuti chotupa nawo tawasandutsa dzala lotayamo chilichonse. Makolo ankasiyanitsa. Chithupsa chimapweteka, chimatentha, chimapsa, chimaphulika n'kutulutsa mafinya. Mwanabere amabwera chifukwa cha chilonda kapena nthenda ina yapafupi, ndipo chilonda chikapola nayenso amabwerera. Masagwidi amagwira ana angapo pamudzi nthawi imodzi n'kutha okha pasanathe masabata awiri. Chotupa cha Burkitt sichipsa, sichibwerera, sichidikira. Maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo palibe khansa ina ya munthu yodziwika kuti imakula msanga kuposa iyi. Chimakonda ana a zaka zapakati pa zinayi ndi zisanu ndi ziwiri, anyamata kuposa atsikana. Si kunsagwada kokha: chimamera kuseri kwa diso, m'mimba, ngakhale pafupi ndi msana, mwana n'kuyamba kukoka miyendo. Tsono tikachitcha chithupsa tidzadikira kuti chipse. Tikachitcha masagwidi tidzati chitha chokha. Tikati ndi dzino, tidzakazulitsa dzino labwinobwino. Mimba ikatupa n'kungoti ndi kapamba wa malungo, tidzatemera mphini. Dzina lililonse lolakwika limadya sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pa nthenda iyi sabata ndi yaitali. Akuluakulu adati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mwana akatupa kumaso kapena m'mimba mofulumira, mano n'kumagwedera popanda chifukwa, tinene momwe zilili: ndi chotupa chokula msanga, chofuna chipatala lero.

Kuchipatalako mneni wakuti kupanga wameza anzake onse. "Amupanga mayeso." "Akamupanga sikani." "Sanamupange chilichonse." Timapanga mpando, timapanga mbiya, munthu sitimupanga. Mayeso ndi a kusukulu. Dokotala amayeza magazi, amaunika m'mimba, amatenga timaselo ta chotupa ndi singano kuti akatione pa maikulosikopu. Kholo limayezetsa mwana. Kuyeza ndi kwa dokotala, kuyezetsa ndi kwa kholo, kuyezedwa ndi kwa mwana, ndipo kuyesa, kwa s, ndi nkhani ina. Nayenso amene amagona pansi pa bedi la wodwala, kumuphikira, kumuchapira ndi kumutembenuza usiku, tamupatsa dzina lakuti gadiyani, ngati kuti tidalibe lathu. Ameneyo ndi wodwazika matenda. M'mawu amenewa mukumveka kutopa kwake konse.

Chiganizo chimene chapha ana ambiri kuposa zonse ndi ichi: "Khansa ilibe mankhwala." Chimanenedwa pamaliro, m'minibasi, ngakhale paguwa, ndipo wonena amadziona ngati wanena zanzeru. Khansa zilipo zamitundumitundu, ndipo ya Burkitt ndi imodzi mwa zochizika. Kufulumira kwake komweko ndiko kumaipereka, chifukwa mankhwala a khansa amalasa maselo amene akugawikana. Kale m'zaka za m'ma 1960 Burkitt adaona ana ena akuchira atalandira mankhwala a cyclophosphamide kamodzi kapena kawiri kokha. Kuno kwathu, kumene nthendayi yakhala kwa zaka zambiri khansa yofala kwambiri mwa ana, Elizabeth Molyneux wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi Peter Hesseling wa ku South Africa ndi anzawo ena, adakonza ndondomeko za mankhwala zazifupi ndi zotsika mtengo, zoti mwana woonda ndi wochokera kutali angathe kuzipirira, ndipo pafupifupi theka la ana adapulumuka. M'mayiko olemera, kumene amapereka mankhwala amphamvu ndi chisamaliro chokwanira, amachira ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Tsono tiike aneni m'malo mwawo. Dokotala amachiza. Mankhwala amachiritsa. Mwana amachira. Nthenda imachizika. Chilonda chimapola.

Watsala mneni mmodzi, ndipo ndi amene amanyenga makolo achikondi kwambiri. Mwana akalandira mankhwala oyamba, chotupa chimaphwa m'masiku ochepa. Nkhope imabwerera, diso limalowa, mwana amayambanso kudya nsima. Wodwazika amayang'ana ndalama zatha, kumunda udzu wakula, ana ena atsala ndi agogo, ndiye amati, "Wachira, adokotala, tiloleni tizipita." Sadachire. Chotupa chaphwa. Kuphwa ndi kwa chotupa chooneka ndi maso. Kuchira ndi kwa mwana yense, ndipo kumafika maselo obisika m'mafupa, m'mimba ndi m'madzi a mumsana atatha onse. N'chifukwa chake amabwereza mankhwala kangapo, ena n'kubaya pamsana, ngakhale tsaya likuoneka labwino. Akasiyira panjira, otsalawo amachulukananso ndi liwiro lomwe lija, ndipo chotupa chobwerera chimakanika kawirikawiri mankhwala amene chidawamvera poyamba. Nthendayi ikafuna kubwerera imabwerera makamaka m'chaka choyamba, kotero namwino akati "chaphwa, koma mubwerenso Lachiwiri", Lachiwirilo ndi mbali ya mankhwala, ndipo mawu akuti wachira ayenera kudikira mpaka chaka chitatha mwana akuyezedwa osapezeka ndi kanthu.